Thandala la Kampani

Joyisi, unandifunsa tsiku lina chifukwa chimene ife sitinakhalepo m'tauni, pamene ana a anzanga amene ndinaphunzira nawo ntchito anakulira ku Limbe. Ndinakuyankha kuti ntchito ndi imene inatisunga ku Domasi. Silinali bodza, koma linali yankho lalifupi. Lalitali ndi ili, ndipo ndalembera iwe ndi abale ako onse.

1966

Nditatsiriza kuphunzira ufita, ntchito yokonza makina, mu wekishopu ya kampani ina ku Limbe, ananditumiza ku Domasi. Kampaniyo inali ndi zigayo za chimanga ndi mpunga m'maboma angapo. Ine anandipatsa ziwiri: chachikulu kufupi ndi Songani, kupatuka pang'ono msewu wa ku Liwonde, ndi china chaching'ono ku Naisi. Anandipatsanso njinga yakapalasa ndi bokosi la masipanala. Chigayo cha ku Songani chinkayenda ndi injini yaikulu ya dizilo, ndipo woiyendetsa anali Che Mbwana, bambo wachikulire wa Chisilamu, amene anayamba ntchito pamenepo chigayocho chikumangidwa kumene. Sankathamanga pa chilichonse. Injiniyo ankaitcha Nkhalamba, ndipo m'mawa uliwonse ankaipukuta ndi chiguduli asanaiyatse. Tsiku loyamba anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi nati, "A Fita, mwafika. Nkhalambayi ilibe matenda ambiri, koma ludzu." Dzina la a Fita linandikakamira kuyambira pamenepo.

Ludzulo ndinaliona msanga. Injini ikamagwira ntchito imatentha, ndipo yathuyo inkaziziritsidwa ndi madzi a m'thanki yotsegula pamwamba. Madziwo ankawira, nthunzi n'kumapita, ife n'kumathiramo ena. Tinkatunga pachitsime cha kudambo, chomwecho chimene mudzi wonse unkamwa. M'dzinja panalibe wodandaula. Koma ikafika Okutobala kamtsinje kathu kankauma, chitsime n'kutsika, ndipo amayi ankadikira pamzere kuti madzi abwererenso pamene anthu athu adutsa ndi migolo. Wotsogolera madandaulo anali Abiti Saidi, mayi wamasiye wogulitsa zitumbuwa pa Songani. Tsiku lina anandiimitsa panjira, ndowa ili pamutu. "A Fita, chitsulo chanucho chimamwa ngati ng'ombe khumi, koma mkaka wake sitinauonepo." Anzawo anaseka, koma iwo sanaseke. Ankanena zoona. Chaka chomwecho ndinakwatira mayi anu, ndipo nawo ankaima pamzere womwewo.

1968

Bwana wanga anali a Nyirenda, injiniya wa kampani, munthu wa kumpoto amene anagwira ntchito zaka zambiri kumigodi ya ku Zambia. Ankabwera kamodzikamodzi pa lole ya dizilo. Anali wosalankhula zambiri, ndipo chinthu ankachinena kamodzi basi. Nkhani ya chitsime ndinawauza kangapo, iwo n'kumangogwedeza mutu. Kenako tsiku lina lole inafika itanyamula chitsulo chimene anagula kufakitale ina ya tiyi imene inasiya kuchigwiritsa ntchito.

Iwo ankachitcha ladiyeta, ngati ya galimoto, koma chinali chachikulu ngati bedi la anthu awiri, ndipo chinagona chagada pamiyendo inayi, kutalika kofika pachifuwa. M'kati mwake munali mapaipi ambirimbiri oyalana, lililonse litavala timalata topyapyala ngati zipsepse za nsomba. Pansi pake panali fani yaikulu, yozungulitsidwa ndi lamba wochokera kuinjini. Tinachiika panja, kuseri kwa chigayo. Madzi otentha ankachoka kuinjini, n'kudutsa m'mapaipiwo, fani n'kumakankha mphepo kuchokera pansi kupita m'mwamba kudzera m'zipsepsemo, ndipo madzi ankabwerera kuinjini atazizira. Madzi omwewo ankangozungulira, osathanso.

"Madzi amanyamula kutentha ngati mwamuna wamphamvu," anatero a Nyirenda. "Mphepo imanyamula ngati mwana. Ndiye pamafunika ana ambiri, ndipo njira yawo isatsekeke. Pamwambapa pasakhale kanthu. Ngakhale chipewa."

Che Mbwana anavomera, inenso ndinavomera. Amayi obwera kuchigayo tinawauza mawu omwewo, kuti pamwamba pasakhale kanthu. Chifukwa chake sitinawauze. Sitinaganize kuti n'chofunika.

Anthu atachiona anati ndi thandala. Ndipo kunena zoona chinkaoneka choncho: miyendo inayi, pamwamba pafulati, chili kuseri kwa nyumba monga mmene limakhalira thandala loyanikapo mbale. Dzina lake linakhala thandala la kampani. Okutobala wa chaka chimenecho migolo yathu sinapitenso kudambo, ndipo Abiti Saidi ananditumizira zitumbuwa zokulunga m'tsamba la nthochi, popanda uthenga. Ntchito yanga yatsopano inali kuchotsa fumbi la gaga limene linkamata m'zipsepsemo, ndi kuyang'ana geji ya kutentha imene inali pambali pa injini. Muvi wake ukakhala pakati, zonse zili bwino. Ukayandikira pofiira, uzimitse.

1970

Januwale wa chaka chimenecho kunagwa mvumbi wosalekeza. Dzuwa silinkaoneka, zovala zinkanunkha chinyontho, ndipo mphale sinkauma. Inu ana a masiku ano mwina simudziwa: chimanga chikakonoledwa amachiviika masiku angapo, kenako amachitsuka n'kuchiyanika chisanapite kuchigayo. Mphale yonyowa imamata sefa ya chigayo, choncho Che Mbwana ankaibweza. Mayi wayenda mtunda wautali ndi dengu pamutu, mvula ikumumenya, n'kumuuza kuti abwerere nayo. Akafika kunyumba ichite chuku, ana agone ndi njala. Che Mbwana mtima unawapweteka. Tsiku lina analola mayi mmodzi woyembekezera kuyala kamphasa pangodya ya thandala, n'kukatsendereza ndi njerwa. Mphale inauma asanamalize kucheza. Che Mbwana anayang'ana geji, muvi sunasunthe kwenikweni. Mawa lake anabwera awiri. Ukalola mmodzi, mlamu wake umukaniza bwanji?

Ine zonsezi sindinkazidziwa, chifukwa sabata imeneyo ndinkakhalira ku Naisi kumene pampu ya dizilo inkavuta. Tsiku la ngoziyo ndinabwerera masana. Ndili patali ndinadabwa kuti chigayo chili zii, pamene anthu anali ambiri pakhonde. Nditalowa ndinapeza nthunzi yadzaza m'chipinda, madzi akuda akutsika m'mbali mwa injini, Che Mbwana ataima atagwira chiguduli chawo, osapukuta kanthu. Mzere unali wautali tsikulo, iwo anali kutsogolo kuthira chimanga, ndipo geji anaiona mochedwa. Mutu wa injini, umene ife timati hedi, unali utang'ambika.

Ndinazungulira kuseri. Thandala lonse linali litafundidwa mphasa, ngodya mpaka ngodya, njerwa zili pamwamba, mphale itayalidwa bwinobwino. Amayi anali ataima chapatali. Ndinayamba kuchotsa mphasazo imodziimodzi, ndipo ina ndinaizindikira. M'mphepete mwake munasokedwa nsalu ya ovololo yanga yakale ya khaki. Inali ya mayi anu. Iwo anali pagulu lomwelo, iwe Joyisi utawagwira chitenje.

"Kodi sitinanene kuti pamwambapa pasakhale kanthu?" ndinafunsa.

Anayankha ndi Abiti Saidi. "Munanena, a Fita. Ife timayesa mukuopa kuti lithyoka. N'chifukwa chake njerwa timasankha zing'onozing'ono."

"Si kulemera ayi. Mwatseka mphepo."

Anandiyang'ana ngati ndikuwaseka. "Mphepo? Yomweyi imasasula madenga, itsekedwe ndi mphasa?"

Thandala lililonse limene iwo analidziwa mdani wake anali katundu wolemera. Analisamala m'njira imene ankaidziwa.

Hedi ina m'dziko muno munalibe. Inayenera kuitanitsidwa kunja, ibwere pa sitima yapamadzi mpaka ku Beira, kenako pa njanji. Masabata amenewo mitondo inayambanso kulira m'midzi yonse ya kwa Malemia, ndipo ena ankasenza matumba mpaka ku Naisi. Che Mbwana ankabwerabe m'mawa uliwonse, n'kupukuta injini yosayenda.

A Nyirenda anafika patapita masiku angapo. Anayang'ana hedi, anayang'ana thandala, kenako anandiitanira pansi pa mtengo wa mango pamene lole inaima.

"Akuluakulu akufuna dzina limodzi," anatero. "Lamulo Che Mbwana analimva ndi makutu awo. Mwezi uno ukatha apite. Thandalalo tilizinga ndi waya waminga."

"Bwana, munthuyo ndi wamkulu. Ali ndi adzukulu amasiye pakhomo. Akachotsedwa motere sapatsidwa kanthu, ndipo ntchito ina aipeza kuti?"

"Ndikudziwa. Si ine ndinang'amba hedi." Anapukuta magalasi awo. "Ndabweranso ndi nkhani yanu. Foromani wa ku wekishopu akupuma. Ndapereka dzina lanu, avomera. Nyumba ilipo, ya magetsi ndi mpopi. Muyambe mwezi wamawa."

Imeneyi ndi nkhani imene ine ndi mayi anu tinkaiyembekezera kuyambira chaka cham'mbuyo, a Nyirenda atangoinong'ona koyamba. Mayi anu anali atagula kale nsalu ya makatani kwa mmwenye ku Zomba, ya maluwa achikasu, n'kuisunga m'sutikesi.

"Mphasa ina inali ya kunyumba kwanga," ndinatero.

"Sindinamve."

"Ndibwereze, bwana?"

Apa ananditchula dzina langa lenileni. "Mukufuna chiyani, a Makwinja?"

Ndinawauza zimene ndinakhala ndikuganiza masiku onse amenewo. Waya waminga sungaumitse mphale. Mvumbi ukadzabweranso anthu adzaudula, kapena adzapempha woyendetsa watsopano, ndipo nayenso ali ndi alongo ake. Pamene ife tikutaya mphepo yotentha kumwamba tsiku lonse, anthu chakudya chikuwaolera. Ndinapempha kuti andilole kumanga chisoti cha malata pamwamba pa thandala, chokhotetsa mphepoyo kuti ilowe m'kashedi ka pambali, m'mene ndingaike mashelefu a waya. Akapeza poyanika, thandala alisiya. Ndipo Che Mbwana akhale.

A Nyirenda sanaseke, ndipo sanakane. Anajambula pansi ndi kamtengo, n'kufufuta ndi nsapato. "Chingatheke," anatero. "Chingathenso kupha injini kachiwiri. Chinthu chimenechi m'mapulani a kampani mulibe. Fita watsopano sindingamusiyire, achiphwasula sabata yoyamba. Wochimanga akhale nacho. Ndikauza akuluakulu kuti fita wagwira yekha pachifuwa, ndipo muvi ukadzafikanso pofiira ntchito ikutherani nonse awiri, inu ndi Che Mbwana. Koma mpando wa ku Limbe sudikira munthu. Lole inyamuka tikadya. Mundiuze."

Ndinapita kunyumba. Mayi anu anali pakhonde akusankha nyemba. Ndinawafotokozera zonse, osachotsa kapena kuwonjezera. Anamvetsera manja akugwirabe ntchito.

"Ndiye mukufuna ndinene chiyani, bambo a Joyisi? Mphasa ndi yanga."

"Sindikukuimbani mlandu."

"Mukanandiimba bwenzi zili bwino. Bwenzi nditapepesa, ife n'kumapita." Anathira nyemba m'mbale. "Chitani zimene mwaganiza kale. Nkhope yanu ndikuiona."

Ndinabwerera kumtengo wa mango n'kuwauza a Nyirenda kuti nditsala. Anangoti, "Malata ndikutumizirani akale," n'kukwera lole. Che Mbwana sindinawauze za ku Limbe. Ndinangoti ntchito yawo ilipobe, ndipo andithandize kumanga. Mayi anu kwa masabata angapo ankandiyankha mawu amodziamodzi. Chakudya chinkabwera pa nthawi yake, madzi osamba ankafunda, koma m'nyumba munali ngati mwa alendo.

Hedi inafika mvula ili pafupi kutha. Chisoti chinali chitatha kale, ndipo tsiku loyesa kunabwera anthu ngati kuli mpira. Tinayatsa injini. Poyamba zonse zinali bwino, m'kashedi mukufunda. Kenako muvi unayamba kukwera pang'onopang'ono, kupitirira pakati, osaima. Ndinazimitsa usanafike pofiira. Abiti Saidi anafunsa mokweza ngati tsopano malata nawo amatseka mphepo, ndipo anthu anaseka. Ine thukuta linali litanyowetsa malaya. Ndinadziwa kuti mphepo ikulakwa njira penapake, koma mphepo sioneka.

Mawa lake ndinayatsa chiguduli chonyowa ndi oilo kuti chizifuka utsi, n'kuwapatsa Che Mbwana agwire pafupi ndi kashedi, injini ikuyenda. Utsiwo unatiuza zonse. Mphepo yotentha inkatuluka m'kashedi, n'kukhota, n'kubwereranso pansi pa thandala, fani n'kuimezanso. Injini inkapuma mpweya wake womwe. Komanso kukamwa kwa chisoti ndinakupanikiza kwambiri.

"Nkhalamba ikudya masanzi ake," anatero Che Mbwana.

Tinakweza chisoti, tinakulitsa kukamwa kwake, tinatsegula mbali ya kutali ya kashedi, ndipo pakati pa kashedi ndi miyendo ya thandala tinaimika khoma la malata kuti mphepo yotentha isabwerere. Titayesanso utsi unapita kumene tinkafuna. Muvi unakwera pang'ono kuposa kale n'kuima. Ndinakhala pambali pa geji tsiku lonse, ndi mawa lake, ndi sabata yonseyo. Sunasunthenso. Kenako ndinaitana amayi onse, n'kuyatsanso chiguduli kuti aone okha njira ya mphepo. Ndinayala mphasa pathandala kanthawi kochepa, utsi unabwerera m'maso mwawo, ndipo ndinawalowetsa awiriawiri kukaona muvi ukukwera. Abiti Saidi anaona, anapukusa mutu nati, "Mukananena kalekale, a Fita. Inu amuna mumayesa chifukwa ndi chuma chobisa." Kuyambira pamenepo mlonda wa thandala anali iwowo. Mwana akangoikapo chisononkho cha chimanga ankamva mawu awo ali ku Songani.

Chaka chilichonse mvula ikatha chisoticho ndinkachimasula, chifukwa m'chilimwe mphepo imabwera yotentha kale ndipo injini imafuna njira yonse. Mitambo ikayamba kusonkhana pa phiri la Zomba ndinkachibwezera. A Nyirenda anachiyendera kamodzi, anagogoda malata ndi chala, anaima pageji nthawi yaitali, n'kunena kuti mabauti ena ndi osamanga bwino. Kwa iwo kumeneko kunali kuyamikira. Mpando wa ku Limbe anapatsidwa mnzanga amene tinaphunzira limodzi, ndipo anaugwira bwino.

1975

Che Mbwana anapuma ntchito chaka cham'mbuyo mwake, mwaulemu, ndi kangachepe kawo konse. Pa tsiku lotsanzikana anandigwira dzanja ndi manja awiri nati, "Za ku Limbe dalaivala wa lole anandiuza kalekale. Ndinaona kuti simukufuna ndidziwe, ndiye sindinadziwe." Sitinalankhulenso za nkhaniyo. Koma mpunga woyamba wa m'munda mwawo unkafika pakhomo pathu chaka chilichonse mpaka anamwalira. Mpunga wonunkhira uja munkaukonda uja unali umenewo.

Chaka chimenechi kampani inagulitsa zigayo zake za kumidzi. Wogula cha ku Songani anandipempha kuti ndipitirize, ndipo ndinavomera, chifukwa tinali titamanga kale nyumba ndi kutsegula munda. Apa ndinadziwa kuti za m'tauni zatha. Madzulo ake ndinawauza mayi anu. Nkhani ya mphasa tinali tisanaitchulenso kuyambira tsiku lija, ngakhale kuti mtendere unali utabwerera kalekale, ndipo ana ena atabadwa. Koma nsalu ija inali idakali m'sutikesi. Chaka chilichonse ankaitulutsa, kuiyanika padzuwa, n'kuipindanso. Ine ndinkaona, n'kumakhala ngati sindikuona.

Loweruka lotsatira ndinabwera kuchokera kuchigayo n'kuwapeza pakhonde, nsalu ya maluwa achikasu itayalidwa pamphasa, sizasi ili m'manja. Iwe unali utaima patsogolo pawo manja uli tambasu, akukuyeza ndi chingwe, mng'ono wako Lute akudikira.

"Mayi a Joyisi, imeneyo si ya makatani?"

Sanadzutse mutu. "Mazenera a kuno ndi ang'onoang'ono, ndipo sakula. Akukula ndi anawa. Tagwirani uko, isakhote."

Ndinagwira, iwo anadula.

Chithunzi chija chili pakhoma m'chipinda chochezera, chimene iwe ndi Lute mwaima pakhomo la tchalitchi mutavala madiresi ofanana, ukadzabwera udzachiyang'anenso bwino.